Komiti yoona za malamulo a zokambirana ku House of Lords

Achimwene, mwafunsa ngati komiti ya Procedure and Privileges ya ku House of Lords, nyumba yachiwiri ya malamulo ya dziko la Britain ku London, ndiyo imalanga mamembala olakwa. Ayi ndithu, kuyambira 2019 nkhani za khalidwe zili m'manja mwa Conduct Committee. Komiti mukunenayi imaona za kayendetsedwe ka zokambirana: mafunso azifunsidwa bwanji, munthu alankhule mphindi zingati, mavoti aziponyedwa motani. Wapampando wake ndi Senior Deputy Speaker, wachiwiri kwa sipikala wa nyumbayi, ndipo atsogoleri a zipani amakhalamo. Koma siigamula yokha. Imalemba lipoti, nyumba yonse n'kuvomereza kapena kukana.

Chimene chimandidabwitsa ine n'chakuti Lord Speaker, sipikala wa nyumbayi, alibe mphamvu zokhazika pansi membala wosokoneza monga achitira Sipikala wathu ku Lilongwe. Mamembala amadzudzulana okhaokha, n'chifukwa chake zimene komitiyi yakonza zimalemera kwambiri.

Mawu oti Privileges m'dzina la komitiyi akunena za ufulu wapadera wa mamembala, ndipo muzu wake ndi lamulo la 1689 loti zimene munthu wanena m'nyumba ya malamulo sangazengedwe nazo mlandu kukhoti. Kwathu nkhani ya nyumba yachiwiri ya malamulo imamveka yachilendo chifukwa nyumba yotereyi, ya Senate, imene malamulo aakulu a 1994 anakonza inafafanizidwa mu 2001 isanakhalepo n'komwe.