Musanavote, funsani kaye mtsikana wapakhomo pawo

Achemwali, funso lanu ndaliona mmawa ndili mu minibasi ya ku Machinjiri nde ndinati ndikayankhe bwinobwino ndikaweruka. Mwati mpingo wanu ukusankha akulu ampingo mwezi wamawa ndipo dzina lomwe lili mkamwamkamwa ndi la bambo ena amene anagula malata a tchalitchi ndi masipika a kwaya, koma inu mtima sukukhala pansi chifukwa mtsikana wowagwirira ntchito pakhomo anakuuzani kuti patha miyezi itatu osalandira, nde mukufunsa ngati kuwamana voti ndi nsanje kapena kuweruza. Mmakomentimu ndaona ena akuti palibe wangwiro, ena akuti musakhudze odzozedwa. Imvaninso yanga.

Tsegulani 1 Timoteo 3 vesi 1 mpaka 7, ndime ija imawerengedwa tsiku lodzoza ife maganizo ali kale ku mpunga. Muwerenge mofatsa muona kuti luso lomwe Paulo anatchulapo ndi limodzi basi, kudziwa kuphunzitsa. Zina zonsezo ndi zapakhomo ndi zapamsewu, kaya munthuyo amaledzera, kaya ndi wandewu, kaya ndalama inamulowa mmutu, mkazi ali naye mmodzi kapena kuli kwinanso komwe amagulirako matumba a makala, ana ake amawalera bwanji, alendo amawalandira bwanji. Za malata mulibemo. Nde vesi 7 ndi imene timailumpha dala, imati anthu akunja azimuchitira umboni wabwino. Akunja mu Blantyre muno si anthu apatali ayi, ndi wakabaza amene amawanyamulira katundu, mayi wa tomato amene amawakongoza kumsika, mlonda wapageti, anthu ochita lendi mmanyumba mwawo. Amenewo ndi amene amaona munthu Lachiwiri jekete la Lamulungu lili pa hang'ala.

Ndikunena izi chifukwa zinandionekera. Ndili wachichepere pabanja tinkachita lendi ku Ndirande, landilodi wathu anali mkulu wa mpingo, wapemphero lotalika lija mpaka amayi kumangoti ameni ameni. Mwezi wina amuna anga anachedwa kulandira, lendi inapitirira ndi masiku asanu ndi anayi. Loweruka madzulo bambo aja anabwera ndi mnyamata wonyamula hamala, osakhala pansi osalonjera, anangozula chitseko nkuchisenzetsa mnyamatayo. Munali mu June, chiperoni chili pwipwipwi kuchokera kuphiri, mwana wanga ali ndi miyezi isanu ndi itatu, tinatchinga pakhomo ndi tebulo ndi zitenje ziwiri ine usiku onse maso ali gwa. Mmawa mwake ndi omwewo anandipatsira mbale ya Mgonero. Ndalama inali yawo, sindikukana, ngongole ndi ngongole. Koma neba wathu, bambo achisilamu a ku Mangochi amene anatibwereka chitseko cha khitchini yawo, anangofunsa kuti kodi awa si aja amakutsogolerani mapemphero aja? Mpaka lero yankho lake sindinalipeze.

Yakobo 5 vesi 4 ndi yosapsatira pankhani ya mtsikanayo, malipiro amene wabana wantchito amafuula ndipo Mulungu amamva. Mukabwerera pa chaputala 2 mupezanso munthu wa mphete yagolide akupatsidwa mpando wabwino wosauka akuuzidwa kuti aime uko. Nde matenda osankha munthu chifukwa cha thumba si a lero ayi.

Koma sikuti abwino kulibe. Kumpingo komwe ndili pano kunali agogo ena, anapuma ntchito ku njanji ku Limbe, jekete limodzi lomwelo chaka ndi chaka, kulalikira kwawo kunali kogonetsa tulo ndisaname. Atawapatsa usungichuma anakana kuwerenga chopereka okha olo tsiku limodzi, pamafunika anthu atatu, aliyense asayine mu kope lachikuto cholimba, Lolemba ndalama ku banki, silipi nkuimata pa bolodi aliyense aone. Achinyamata tinkadandaula kuti akutichedwetsa njala itatipweteka, iwo amangoti ana anga sindikukayikira inu, ndikukayikira ine ndemwe pakati pa mwezi. Paulo nayenso chopereka cha ku Yerusalemu sananyamule yekha, pa 2 Akorinto 8 akuti mipingo inasankha m'bale woyenda nawo kuti pasapezeke wowanena. Lero chakhumi chikungotumizidwa pa nambala ya foni ya munthu mmodzi, ukafunsa lipoti akuti uli ndi mzimu woukira.

Za musakhudze odzozedwazi, choyamba bambowo sanadzozedwe nkomwe, nthawi yofunsa ndi ino. Chachiwiri Davide anali wodzozedwa weniweni koma Natani anamupitira kunyumba nkumuuza pamaso kuti munthuyo ndiwe. Ndipo ife Amalawi tisamaiwale, pa 8 March 1992 kalata ya maepiskopi achikatolika inawerengedwa mmatchalitchi kudzudzula ulamuliro wa Kamuzu, nthawi imene munthu umatha kusowa chifukwa cha mawu, Ambuye James Chiona a kuno ku Blantyre ali mmodzi mwa osayinira. Timanyadira kuti mpingo unafunsa boma mafunso, nde zikhala bwanji kuti mpingo womwewo mkhristu asafunse za malipiro a mwana wa eni?

Pokhapo achemwali samalani kachitidwe kake. Mwamva mbali imodzi, ndipo 1 Timoteo 5 vesi 19 imafuna mboni ziwiri kapena zitatu, nde dzina lawo musalilembe muno kapena pa gulupu ya WhatsApp ya mlaga, mawa mudzapezeka ndinu mukuitanidwa ku sesheni, bwalo la akulu ampingo lija. Tengani mayi mmodzi wamkulu wa Mvano amene pakamwa pake mpotseka mukaonane ndi bambowo kapena akazi awo mwaulemu, mwina bizinesi yavutadi. Momwe akakulandirireni ndi momwe mukadziwire zambiri, wina amagwa nkhope nkulipira sabata yomweyo, wina amayamba kufufuza kuti wakuuzani ndani. Akakana kumva pitani kwa abusa kapena mlembi wa sesheni mayina asanatsekedwe. Voti ndi yanu, palibe amene angakukakamizeni, ndipo amene wagula malata timamuthokoza pa zolengeza, sikuti mpaka ukulu wa mpingo ayi.

Musanapite kulikonse mufunse kaye mtsikanayo ngati akulola kuti nkhaniyi ituluke, chifukwa woyamba kuthamangitsidwa akhala iyeyo, mwina usiku ndi kachikwama kake, miyezi itatu ija osaionanso. Ali ndi wachibale mtauni muno woti angafikireko? Ngati alibe ndilembereni ku inbox, ndili ndi chipinda cha ana chomwe chili chokhala mpaka sukulu atsekere.