Kodi mwana wosaona angatembenuze chinthu m'maganizo?

Aphunzitsi ena a masamu ku sekondale andilembera imelo. Akuti: "M'kalasi mwanga muli mtsikana amene anabadwa wosaona. Ndikamauza ana kuti aganizire chinthu chitazunguliridwa mbali ina, iyeyu angathe? Kapena ndizimupatsa ntchito ina?"

Aphunzitsi, chonde musamupatule. Angathe ndithu, ndipo nkhaniyi inafufuzidwa kalekale.

Mu 1971, Roger Shepard ndi Jacqueline Metzler a ku yunivesite ya Stanford ankaonetsa anthu zithunzi ziwiriziwiri za tinthu topangidwa ndi timabokosi tolumikizana, china chitapendekeka. Funso linali lakuti: n'chinthu chimodzimodzi kapena ayi? Anapeza kuti chithunzi chikapendekeka kwambiri, munthu amachedwanso kuyankha, pafupifupi sekondi imodzi pa madigiri 60 alionse. Zikukhala ngati ubongo umachitembenuzadi pang'onopang'ono, monga mmisiri amatembenuzira njerwa m'manja asanaiike pakhoma.

Ambiri anangoti imeneyi ndi ntchito ya maso. Koma mu 1976, Gloria Marmor ndi Larry Zaback anapatsa anthu osaona chibadwire tinthu toti afufuze ndi zala. Nawonso ankachedwa molingana ndi kupendekeka kwa chinthucho. Liwiro lawo linali lotsikirapo poyerekeza ndi anthu oona amene anamangidwa nsalu kumaso, koma njira yake inali yomweyo. Apa ndi pamene pagona yankho lanu: chimene munthu amatembenuza m'mutu si chithunzi cha maso ayi, ndi kapangidwe ka chinthucho, kaya kalowa kudzera m'maso kapena m'zala.

Komabe dzanja ndi diso sizidziwa chinthu mofanana, ndipo izi n'zimene ndikufuna muzisamale. Fiona Newell ndi anzake anasonyeza mu 2001 kuti munthu akagwira chinthu chimene chili patsogolo pake, zala zimadziwa bwino kumbuyo kwake, pomwe maso amadziwa kumaso kwake. Ndiye inu mukamaloza "kutsogolo" kwa bokosi pabolodi, mwanayo mwina mbali imene waigwira bwino ndi inayo.

Palinso za ku India. Mu 2011, gulu la Pawan Sinha la Project Prakash, lomwe limathandiza ana osaona kuti ayambe kuona, linayesa ana asanu obadwa osaona, atangochitidwa opaleshoni ya maso. Chinthu chimene anachigwira sankatha kuchiloza ndi maso, ankangolota. Patapita masiku ochepa anayamba kukhoza. Kugwirizana kwa diso ndi dzanja kumachita kuphunziridwa, ndipo sikuchedwa.

Choncho mupatseni zinthu zenizeni zogwirika, zamatabwa kapena zadongo, osati zojambula zotukuka papepala zokha. Chimodzi chikhazikike patebulo osasuntha, china ndiye chizitembenuzidwa, kuti akhale ndi poyambira. Muzitchula mbali potengera thupi lake: kumanja kwako, chakumimba kwako, kutali ndi iwe. Pa mayeso mum'pemphere nthawi yoonjezera, chifukwa zala zimayenda mbali imodzi pa nthawi imodzi, pomwe diso limaona mbali zambiri pakamodzi.