Kodi kusunga mapira mpaka Febuluwale ndi kuunjika chuma?

M'bale wina wa ku Ngabu wanditumizira imelo. Iye amagula mapira ndi chimanga nthawi yokolola n'kudzagulitsa mitengo ikakwera, ndipo ali ndi khola la ng'ombe. Chimvereni ulaliki wa shehe wonena za anthu ounjika chuma, mtima wake sukukhazikika, ndipo akufunsa ngati kusungira tsiku la tsoka kuno kuchigwa cha Shire, kumene madzi amasefukira kawirikawiri, kuli tchimo.

Achimwene, kusunga pakokha si tchimo. Mneneri Yusuf analangiza Aiguputo kuti asunge zokolola za zaka zisanu ndi ziwiri m'ngala zake, ndipo Mtumiki Muhammad, mtendere ukhale pa iye, ankasungira banja lake chakudya cha chaka chathunthu. Munthu amene anaona madzi a mu Januwale 2015, namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 sangadzudzulidwe chifukwa chopatula matumba angapo. Aya imene inakusowetsani tulo, ya mu Sura Tawba 9:34-35, ikunena za anthu amene amaunjika golide ndi siliva osapereka m'njira ya Allah, kuti chumacho chidzatenthedwa pa moto n'kusindikizidwa pamphumi, m'nthiti ndi pamsana pawo. Maswahaba, anzake a Mtumiki, monga Ibn Umar anafotokoza kuti chuma chimene zakaat yake (chopereka chimene Msilamu amalamulidwa kupereka pa chuma chake) yaperekedwa sichili m'gulu limenelo.

Funso lanu landikumbutsa malume anga amene ankakhala kutsidya kwa Shire, kufupi ndi Makhanga. Anali ndi ng'ombe zopitirira makumi atatu, ndipo madzulo aliwonse ankaima pakhomo la khola, ndodo ili m'manja, kuziwerenga imodziimodzi zikamalowa, kenaka n'kubwerezanso zitalowa kale. Swala sankaphonya, Ramadani ankamanga mwezi wonse, koma nkhani ya zakaat ikayamba ankati ng'ombe si ndalama. Chaka china cha njala mlongo wawo wamasiye, yemwe ndi mayi anga aang'ono, ankalawirira kudambo kukazula nyika m'madzi momwe muli ng'ona kuti ana adye, pamene kholalo linali pamtunda wosakwana ola limodzi. Atapita kukapempha, anabwerako ndi malangizo akuti akafune ganyu ku Nchalo. Ndimakumbukirabe mapazi awo otuwa ndi osweka chifukwa cha matope, ndi kambale ka nyika zowiritsa kamene anatiikira ife alendo mopepesa.

Mtsinje wa Ruo utasefukira mu 2015, ng'ombe zambiri za malume zinapita ndi madzi. Anthu ena anati chinali chilango, ndipo mawu amenewo ndimawakana mpaka lero, chifukwa madzi omwewo anakokolola mbuzi za anthu opatsa ndiponso nyumba za amasiye. Chimene chimandiwawa n'chakuti lamulo linkangofuna mwana wa ng'ombe mmodzi wa chaka chimodzi pa ng'ombe makumi atatu. Mwana wa ng'ombe mmodziyo pachaka akanachotsa mlongo wawo kudambo, ndipo khola silikanaoneka n'komwe kuti lachepa. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, koma malume ankakhulupirira khola lokha. Qur'an imatchula munthu wotere mu Sura Humaza, amene amasonkhanitsa chuma n'kumachiwerenga poganiza kuti chimukhalitsa muyaya, ndiponso eni munda a mu Sura Qalam amene anapangana kukakolola mbandakucha kuti wosauka asawapeze.

Pa malonda anu a mapira ndipamene ndikufuna kulimbitsa mawu. M'buku la hadith (zonena za Mtumiki) la Imam Muslim muli mawu akuti palibe amene amabisa katundu kuti mtengo ukwere koma wochimwa. Ophunzira a mazihabu (njira yomasulira malamulo a Chisilamu) a Shafi'i, amene Asilamu ambiri kuno ku Malawi timatsata, anati choletsedwacho ndi kugula chakudya nthawi imene chikusowa n'kuchitsekera kuti chikwere mtengo, ndipo kugula nthawi yokolola kumaloledwa. Zimenezo n'zoona, koma ine sindivomereza kuti munthu abisale kumbuyo kwa chilolezo chimenechi pamene wafika mu Febuluwale, msika wa ADMARC ulibe kanthu, amayi akugona pamzere, iye nyumba yodzaza matumba ali chitsekere podikira kuti ndowa ikwerenso sabata yamawa. Pamenepo phindu lake likuchokera pa njala ya anansi ake. Choipitsitsa ndi chizolowezi chobwereketsa thumba limodzi kuti adzabweze awiri pokolola. Ameneyo ndi katapila, ndi riba, ngakhale wobwereketsayo atavala mkanjo woyera chotani Lachisanu.

Zoyenera kuchita

Sankhani tsiku limodzi pa chaka cha Chisilamu chotsata mwezi, muwerengere mtengo wa matumba ogulitsa pamodzi ndi ndalama zimene muli nazo, za ku banki ndi za pafoni zomwe. Zikafika mtengo wa magalamu 85 a golide, kapena 595 a siliva, perekani 2.5 peresenti. Zokolola za m'munda mwanu zikafika makilogalamu pafupifupi 653, omwe ndi matumba 13 a makilogalamu 50, mumapereka thumba limodzi pa khumi ngati zinakula ndi mvula, kapena limodzi pa makumi awiri ngati munathirira ndi pampu. Mbuzi zikakwana 40 mumapereka imodzi, ndipo ng'ombe zokoka ngolo siziwerengedwa.

Zakaat simungapatse mkazi wanu, ana anu kapena makolo anu, popeza kuwasamalira ndi udindo wanu kale, koma mlongo wosauka kapena mphwanu amene ali m'ngongole mungamupatse. Musadzawakumbutse pambuyo pake, chifukwa Sura Baqara 2:264 ikuti kukumbutsa kumawononga sadaka. Sungani chakudya cha banja lanu cha chaka chonse mosaopa. Matumba otsalawo, njala ikafika pachimake, atulutseni pa mtengo umene mphunzitsi wa kupulayimale kapena wodula nzimbe angaukwanitse, ndipo mupite ndi chiwerengero cha ng'ombe zanu kwa shehe wa pamzikiti wanu kuti muwerengere limodzi.