Funsani Dokotala: Mwana wanga akuti bola kufa

Adokotala, ndimagwira ntchito ya m'nyumba kuno ku Johannesburg. Mwana wanga wamkazi ndinamusiya kwa agogo ake ku Mangochi ali ndi zaka 4, ndipo ndamuitanitsa chaka chatha ali ndi zaka 14. Miyezi itatu tsopano akungodzitsekera m'chipinda, nsima akungoilawa, kusukulu zikukanika. Ndikamulankhula amandikalipira. Dzana anati, "Bola ndikanangofa." Kodi ndi mwano wa kunoku? Ndimubweze kumudzi?

Mayi, mawu a dzanawo ndi amene andidetsa nkhawa. Lero lomwe khalani naye pansi, mumufunse mosapita m'mbali kuti, "Kodi umaganiza zodzipha?" Kufunsako sikumuphunzitsa zodzipha ayi, ambiri mtima umawapepuka akafunsidwa. Akavomera, musamusiye yekha, bisani mapilisi ndi mankhwala a makoswe, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Mungaimbirenso bungwe la SADAG, lothandiza anthu ovutika maganizo, pa 0800 567 567, kapena la Childline, lothandiza ana, pa 116. Nambala zonsezi ndi zaulere, usana ndi usiku.

Zimene mwafotokozazi zikufanana ndi matenda ovutika maganizo. Wamkulu akadwala amaoneka wachisoni, koma wachinyamata nthawi zambiri amangopsa mtima, n'chifukwa chake makolo amati ndi mwano. Zikapitirira milungu iwiri timafuna kumuona. Kukiliniki amuyeze ngakhale magazi, poti kuchepa kwa magazi nakonso kumafooketsa atsikana. Thandizo limayamba ndi uphungu. Matenda akakula pali mankhwala monga fluoxetine, omwe amatenga milungu ingapo asanayambe kuthandiza. Malamulo akuluakulu a South Africa amati mwana aliyense ali ndi ufulu wolandira thandizo loyambirira la chipatala.

Za kumudzizo, ine ndikuti musafulumire. Inu mukukumbukira zaka 10 zotumiza ndalama ndi katundu pa basi. Iye akukumbukira zaka 10 zokudikirani. Atafika kuno anasiya agogo amene anamulera, anzake, chiyankhulo chake, mwinanso kusukulu akumutcha kwerekwere, dzina lonyozera anthu ochokera kumaiko ena, iye osakuuzani. Mukamati "ndikubweza," iye akumva kuti mukumusiya kachiwiri. Ndikudziwa mwamuvutikira, koma mawu akuti "ndinavutikira iwe" asungeni kaye.

Muloleni aziimbira agogo ake pa WhatsApp momasuka. Tsiku lopuma muphikire limodzi ndiwo zimene ankakonda kumudzi, mumufunse chimene akuchisowa kwambiri. Akayankha musamudule, ngakhale yankholo likupwetekeni.