Panelo yanga inatuluka thukuta pamaso pa aphunzitsi

Achimwene, mwandikhudza pabala ndi funso lanu loti mupange bwanji model ya pa kompyuta ya panelo yoziziritsidwa ndi ma Peltier. Model ya steady state imeneyo, yongoona mmene zinthu zimakhalira kutentha kukakhazikika, musaikhulupirire, inandivula ine chaka changa chomaliza kuno ku Zomba.

Ndinamata ma Peltier asanu ndi imodzi, aja a TEC1-12706 (ma module amene ukawapatsa magetsi mbali imodzi imazizira, inayo imatentha), kuseri kwa panelo ya aluminiyamu. Mu model ya pa kompyuta ukayatsa imazizira pompo. Pa benchi ayi ndithu. Kilogalamu imodzi ya aluminiyamu imafuna uichotsere ma joule pafupifupi 900 kuti itsike digiri imodzi, ndiye pamapita mphindi. Ine kupupuluma, ndinakweza current, kuiwala kuti ukaiwirikiza kawiri kutentha kwa Joule (kobwera chifukwa cha current yomweyo) kumawirikiza kanayi, theka lake n'kubwerera kumbali yozizira komweko.

Tsiku loonetsa linali mu Januwale, mvula itangokata, phiri litafunda nkhungu. M'chipindamo madigiri 28, chinyezi cha m'ma 70 peresenti, dew point (pamene chinyezi cha mumpweya chimayamba kusanduka madontho) ili pafupi ndi 22. Model yanga za chinyezi sinkazidziwa n'komwe. Panelo itatsika kufika pa 18 inayamba thukuta, kenako dontho tho! papepala la mamalikisi la aphunzitsi, inki n'kumwazika. Ndikupukuta ndi mkono wa shati, magetsi thi! Mafani zii, heat sink (chitsulo chomwaza kutentha kwa mbali yotentha) ikadali moto. Kutentha konse kunabwerera kudzera m'ma module omwewo, mzere wa kutentha pa laputopu ukukwera ine ndikuuona. Aphunzitsi anangofunsa kuti, "Zimenezi mu model yanu zili pati?" Malovu anauma.

Chimandiwawa mpaka lero ndi mnzanga wa m'gulu uja. Tinamupatsa mbali yotentha, iye anangolemba kuti ndi madigiri 30 nthawi zonse, osayeza olo kamodzi, n'kupita kukaonera mpira ku Chikanda. Thermal paste, mafuta othandiza kutentha kudutsa bwino, anapaka ngati majarini pa buledi. Tsikulo anaima kumbuyo manja m'thumba, koma mamalikisi tinapeza ofanana!

Ndiye inu pangani RC network (model yotsatira mmene kutentha kumasinthira ndi nthawi), panelo ndi heat sink chilichonse chikhale ndi capacitance yake (kutentha komwe chimasunga pa digiri imodzi), time step ya sekondi imodzi (iziwerengera sekondi iliyonse), ndipo controller isalole panelo kutsika kupitirira dew point. Komabe musayambe ndi zimenezo, mungasokonezeke mutu. Yambani ndi steady state yomweyo, mupeze kaye Seebeck coefficient, resistance ndi conductance za module yanu (manambala osonyeza mmene imagwirira ntchito) poyeza nokha. Mbali yotenthayo musapatse munthu.