Za kamba amene ana atola pa msewu wa ku Bunda

Achemwali, mwati ana anu atola kamba akuwoloka msewu wa ku Bunda mvula itangokata, ndiye mukufunsa ngati mungamusunge pakhomo n'kumamupatsa nsima. Ine sindipsatira: kamubwezeni kutchire komwe anatoledwako, chapatali ndi tala.

Tamusuzumirani kaye kumbuyo kwa chigoba. Akamba amene timakumana nawo kawirikawiri kuno kuchigawo chapakati ali ndi popindika chakumsana, mukawakhudza amatseka kumbuyoko ngati chitseko, miyendo ndi mchira bii mkati. Mtundu wina wa akamba otere asayansi anautcha Kinixys zombensis, dzinalo analitenga ku Zomba kwathu konkuno. Amadya bowa, nkhono, abongololo ndi masamba anthete, n'chifukwa chake amatuluka ndi mvula. Pa nsima angofooka mwakachetechete, paja kamba salira ngati galu kuti mudziwe kuti zavuta.

Akakhala wophwatalala, wonunkha fungo loti simungapirire, ameneyo ndi wa m'madambo. Dzinja amasaka achule m'zithaphwi, chilimwe amadzikwirira m'matope. Kunyanja ya Malawi ndi mu Shire kuli nkhasi, ya chigoba chofewa, yodya nkhono zam'madzi. Iyo ndiye ili pangozi yakutha, chifukwa imakodwa m'maukonde, mazira ake anthu n'kumafukulanso mumchenga.

Akulu anati kamba amanyera womutola. Mwambiwu timauseka, koma ana anuwo afunseni ngati sanawanyowetse manja. Madzi amenewo ndi nkhokwe yake, amawasunga m'chikhodzodzo kuti apirire nawo nthawi yowuma, ndipo akachita mantha amawataya. Musamangomunyamulanyamula.

Ine ndili mwana tinasungapo wina. Tinaboola chigoba ndi msomali kuti timumangirire waya pamtengo wa mango. Panatuluka magazi, ife kudabwa, tinkayesa kuti chigoba ndi chipanda chabe. Chonsecho ndi fupa lamoyo, logwirana ndi msana komanso nthiti. Sanathe mwezi. Mpaka lero zimandiwawa ndikaona anyamata akugulitsa akamba m'mbali mwa msewu, anthu n'kumagula ati pomumvera chisoni. Mukagula mmodzi, mawa mnyamatayo abwera ndi atatu. Onjezerani moto wa osaka mbewa umene kamba sangauthawe ndi kayendedwe kake kaja, kuphatikizapo kuti amatenga zaka zambiri asanayambe kuikira, muona chifukwa chake m'tchire momwe tinkawapeza kale muli zii.

Kumbali ya lamulo, kusunga nyama yotetezedwa popanda chilolezo cha nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire ndi mlandu, ndipo zilango anazikhwimitsa mu 2017.

Ngati chigoba chang'aluka kapena wapondedwa ndi galimoto, musamate ndi guluu kapena simenti. Muikeni m'katoni yoboola, pamthunzi, mupite naye ku Lilongwe Wildlife Centre, pakati pa Old Town ndi City Centre, kuli madokotala a nyama. Anawo muwatenge, akaone komwe mnzawo akathere, koma asambe m'manja ndi sopo asanagwire nsima.