Kapinga wa pulasitiki akachita makwinya pa makande

Mayi ena a ku Akasia, kumpoto kwa Pretoria, andilembera imelo. Kapinga wa pulasitiki amene anayalitsa kuseri kwa nyumba yawo wachita makwinya, pa joini pakanganuka, ndipo mbali ina yatitimira moti mvula ikagwa pamadikha madzi. Akufunsa kuti agule guluu wanji.

Amayi, guluuyo muyambe mwamusiya kusitolo.

Imelo yanu yandikumbutsa chilonda, chifukwa nkhani yomweyi inandidyera malipiro a sabata ziwiri nditangofika kumene kuno ku Joni. Ndinali pa ganyu pa kampani ina yoyala kapingayu. Anatituma kunyumba ina chakufupi ndi Onderstepoort, kumpoto kwa Pretoria komweko, mu Ogasiti, kunja kutauma gwa. Nditangomenya piki kamodzi ndinalidziwa dothilo: lakuda bii, lolimba ngati njerwa yootcha, ming'alu yake yolowa chikhatho chonse. Ine ndinakulira kwa Ngabu ku Chikwawa, kumene timalima thonje pa makande. Kwathuko ngakhale mwana amadziwa kuti makande sakhala malo amodzi. M'chilimwe amafota n'kung'ambika, mpaka kamwana ka mbuzi kukodwa mwendo mu mng'alu. Mvula ikagwa amafufuma, ming'alu yonse kutsekeka, matope kukakamira kumapazi mpaka patapata kuduka. Ndinauza foromani kuti bwana, apa tikumbe mozama, tithire miyala ya kwale. Anandiyankha kuti ine ndabwera kudzakankha wilibala, osati kudzaphunzitsa anthu ntchito. Tinangopala udzu, kumwaza mchenga wosakwana zala ziwiri, kuyala, kukhoma misomali, basi.

Tsiku limenelo panakongola ndithu, mwininyumba mpaka kujambula zithunzi. Pofika Disembala, mvula itagwa kangapo, pabwalopo panali mitumbira ngati munda wa mbatata. Misomali inazuka yokha, joini inatseguka, dothi lakuda likusuzumira pakati. Kampani inati aganyufe sitinamate bwino, ndipo atatu tonse anatidula ndalama. Mnzathu wina anali atalonjeza kale kutumiza ya feteleza kumudzi. Usiku umenewo sanadye.

N'chifukwa chake ndimakwiya ndikamva wogulitsa akuuza munthu kuti kapingayu ukayala wathana nazo. Ndi bodza limenelo. Ambirife tinayamba kumuona kapingayu pa Kamuzu Stadium ku Blantyre, n'kumaganiza kuti ndi kapeti yongoyala pansi ngati ya pabalaza. Chimene sitinkaona ndi chakuti pansi pa bwalo lotero pamakhala miyala yotsendera bwino ndi njira zotulutsira madzi, ndipo ntchito yaikulu ili pamenepo. Kuyambira kuseri kwa phiri la Magaliesberg, kudzera ku Brits mpaka ku Rustenburg, malo ambiri ndi makande, omwe amang'amba ngakhale makoma a nyumba. Dothi long'amba khoma la simenti lingagonjere guluu? Munthu amene wabwera kudzakuyalirani kapinga koma osakumba kadzenje kuti aone dothi lanu, musamupatse ndalama, ngakhale atatchipitsa bwanji.

Palinso dzuwa. Anthu ambiri anathamangira kapingayu chilala cha ku Cape Town chitafika poipa mu 2018, pamene munthu ankaloledwa malita 50 okha patsiku, ndipo sindingawadzudzule. Koma pulasitiki sadziziziritsa yekha ngati udzu wamoyo. Masana a mu Januwale amatha kutentha kupitirira madigiri 60. Ndinaonapo kamwana kakuthamangirapo kopanda nsapato, n'kubwerera kakulira, kakudumphadumpha. Akatentha amatanuka, usiku n'kubwerera, ndipo makwinya ena amachokera pomwepo. Kunyumba ina ndinapeza mzere wautali wopserera, tiudzu titasungunuka n'kuuma ngati chikanga, eni ake akuganizira ana a neba. Tinakhala pansi mpaka cha m'ma 2 koloko, n'kuona kuwala kochokera pagalasi la zenera kukugwera pa mzere womwewo. Za mbaula yootchera nyama ndiye musachite kufunsa, khala limodzi likagwa limasiya bowo.

Tsono muchite izi

Dikirani nyengo youma, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Zulani misomali mbali yotitimirayo, mupinde kapingayo mosamala. Kumbani makande masentimita 10 kapena kuposa, yalani nsalu yolimba yodutsa madzi yotchedwa bidim kuti miyala isamire m'dothi, thirani miyala ya kwale, pamwamba fumbi lake, muwaze madzi pang'ono, mutsendere ndi kompakita (makina otsendera pansi) ya hayala. Malowo atsetsereke sentimita imodzi kapena awiri pa mita iliyonse kuchoka kukhoma, ndipo madzi a padenga muwapatse ngalande yawo, asamagwere pamenepo. Kapingayo muyambe mwamusiya padzuwa maola awiri kuti afewe, mumukoke zolimba, kenako mukhome. Apa ndiye pofunika guluu uja: pa joini dulani chakunsi ndi mpeni wakuthwa pakati pa mizere ya ulusi, ikani tepi yake pansi, pakani guluu wa polyurethane, mutsamiritse matumba a mchenga mpaka mawa. Ngati pena pakufunika chigamba, tiudzu take tiweramire mbali imodzi ndi tinzake, apo ayi chidzaoneka cha mtundu wina. Pomaliza mwazani mchenga wa silica, musese ndi burashi yolimba kuti tiudzu tidzuke.

Mukapinda n'kupeza kuti pansi ponse ndi kamchenga kokha pamwamba pa makande, musataye ndalama pa mbali imodzi, chifukwa chaka chamawa kudzatitimira kwina. Jambulani zithunzi musanakumbe, muitane kampani imene inayala idzaone yokha. Ikabwera, mufunse foromani kapena mwini wake kuti anakumba masentimita angati, ndipo muwauze mosabisa kuti simukufuna kumva zoti anyamata a wilibala adulidwa malipiro chifukwa cha bwalo lanu.